Ndemanga pa CAS ya LSAC, khomo lolowera kusukulu za zamalamulo ku America

Aliyense wofuna kukaphunzira zamalamulo ku America amafika pakhomo limodzi, afune asafune. Khomolo ndi bungwe la Law School Admission Council, lodziwika kuti LSAC, lomwe likulu lake lili ku Newtown m'chigawo cha Pennsylvania. Bungweli ndi limene limalembetsa mayeso olowera kusukuluzi otchedwa LSAT, omwe anayamba mu 1948, ndiponso ndi limene limayendetsa ntchito imene tikuiunika pano, ya Credential Assembly Service, mwachidule CAS. Sukulu za zamalamulo zovomerezedwa ndi bungwe la maloya la American Bar Association zilipo pafupifupi 200, ndipo pafupifupi zonse sizilandira mapepala a munthu wofuna JD, digiri ya zamalamulo ya kumeneko, ngati sanadzere ku CAS. Ndiye zoti muigwiritse ntchito kapena ayi si zokambirana. Zofunika kudziwa n'zakuti imayenda bwanji, imadya ndalama zingati, nanga anthu amapunthwa pati.

Maganizo athu tiwanene poyambirira pomwe. CAS ili ngati kalaliki wa paboma wodziwa ntchito yake koma wosamva madandaulo. Chimene mwampatsa amachisunga bwino n'kuchitumiza kumene mwanena. Chimene simunampatse sakuthamangirani nacho, ndipo akapeza pepala limodzi losowa chidindo, fayilo yonse amaiika pambali mpaka mutakonza. Ambiri amene amataya chaka sakhala kuti alephera mayeso kapena alemba nkhani yosagwira mtima. Amakhala kuti transcript yawo, chikalata cha magiredi a kuyunivesite, inafika mochedwa.

Choyamba muyenera kudziwa digiri imene mukufuna, chifukwa CAS ilipo yamitundu iwiri. Ku America munthu salowa zamalamulo akangochoka ku sekondale. Amayamba wamaliza digiri yoyamba ya phunziro lililonse, kaya zaulimi, zaumisiri kapena mbiri yakale, kenaka n'kukachita JD kwa zaka zitatu. Amene ali kale ndi digiri ya zamalamulo ya LLB, monga ya ku University of Malawi ku Zomba kapena ya ku University of Zambia, kawirikawiri amafuna LLM, masters ya zamalamulo ya chaka chimodzi, ndipo iyo ili ndi LLM CAS yake, yokhala ndi akaunti yake komanso malipiro ake. Mukatsegula akaunti ya JD pamene mukufuna LLM, mapepala anu amakakhala kumene sukulu yanu siikawaona. Sukulu za ku Britain, South Africa ndi kuno kwathu sizigwiritsa ntchito CAS, ndipo ngakhale ku Canada, kumene LSAT imafunika m'sukulu zambiri, za m'chigawo cha Ontario zili ndi njira yawoyawo yotchedwa OLSAS.

Ntchito ya CAS ndi yosonkhanitsa. Mumatumizitsa kamodzi kokha transcript ya kuyunivesite iliyonse imene munaphunzirako, makalata okuchitirani umboni amalowanso kamodzi, ndipo zotsatira za LSAT zimalowa zokha. LSAC imaphatikiza zonsezi kukhala lipoti limodzi n'kulitumiza kusukulu iliyonse imene mwafunsirako malo. Apa m'pamene ntchitoyi tikuiyamikira ndi mtima wonse. Munthu wofunsira malo kusukulu khumi akanayenera kupempha ofesi ya registrar transcript khumi ndi kuvutitsa mphunzitsi wake kuti alembe makalata khumi. Ndi CAS, mphunzitsiyo amalemba kamodzi basi. Akauntiyo imakhala yamoyo zaka zisanu, kotero mukalephera chaka chino mapepala aja amakudikirani chaka chamawa.

Ndalama zake

M'chaka cha 2025 mpaka 2026, kulemba LSAT kamodzi kunali $248, kulembetsa CAS kunali $215, ndipo lipoti lililonse lopita kusukulu imodzi linali $45. Mitengoyi imakwera pafupifupi chaka chilichonse: chaka cha m'mbuyo mwake LSAT inali $238 ndipo CAS inali $207. Pamwamba pa izi sukulu iliyonse ili ndi ndalama yake ya fomu, yomwe m'sukulu zambiri zotchuka imakhala pakati pa $60 ndi $100, ngakhale zina sizilipiritsa.

Tiyerekeze munthu amene walemba LSAT kamodzi n'kufunsira malo kusukulu zisanu ndi zitatu zolipiritsa $80 iliyonse. Mayeso $248, CAS $215, malipoti $360, mafomu $640, zonse pamodzi $1,463. Pamtengo wa kubanki wa mu 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, imeneyo ndi ndalama yoposa K2.5 miliyoni, musanagule buku lililonse, musanalipire DHL, musanaganize za viza. Ndipo amene amalemba LSAT kamodzi kokha ndi ochepa.

Ndalama ya $45 pa lipoti ndiyo imatinyansa kwambiri. Mapepala alowa kale m'kompyuta, munalipira kale $215 kuti awasonkhanitse, nanga kutumiza fayilo yomweyo kusukulu ina kudye $45 chifukwa chiyani? Palibe kwina kumene mungapite, ndiye mtengo umangokhala umene anena. LSAC ili ndi ndondomeko yokhululukira malipiro anthu osauka, koma imathandiza nzika za ku America ndi Canada ndi ena okhala kumeneko mwa chilolezo chodziwika. Wolembera ali ku Lilongwe, Chipata kapena Harare asaiwerengere.

Pali kanjira kamodzi kochepetsera. M'akaunti yanu muli malo ovomereza Candidate Referral Service, yomwe ndi yaulere. Mukavomera, sukulu zimaona malikisi anu ndipo zina zimakutumizirani imelo yokukhululukirani ndalama ya fomu. Muthanso kulembera ofesi yolandira ophunzira n'kupempha nokha mwaulemu, ndipo ambiri amavomera. Dziwani kuti kukhululukidwa ndalama ya fomu nthawi zambiri sikuchotsa $45 ya lipoti, komanso imelo yotereyi si chizindikiro choti akutengani. Sukulu zimafuna ofunsira ambiri.

Malipiro onse ndi a pa intaneti, a m'madola, kudzera pa khadi la kubanki. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipo ku Malawi, khadi likhoza kukanidwa kapena kukhala ndi malire ochepa pamwezi. Kambiranani ndi banki yanu mwezi wathunthu tsiku lomaliza kulembetsa lisanafike, kapena konzani m'bale wa kunja woti adzakulipirireni. Lipoti limene silinalipiridwe silichoka ku LSAC ngakhale zina zonse zitakwana.

Transcript, pamene pamagwa anthu ambiri

Lamulo lake ndi limodzi ndipo silipindika: transcript ichoke kusukulu kupita ku LSAC mwachindunji. Imene muli nayo m'chikwama, ngakhale ikhale yeniyeni ya chidindo chofiira, saivomera ngati yadzera m'manja mwanu yotsegula. Mukalemba mayina a sukulu zanu m'akaunti ndi kulipira CAS, mumapeza fomu yopemphera transcript ya sukulu iliyonse. Fomuyo muisindikize, muipereke ku ofesi ya registrar, ndipo iwo aiike m'envulopu limodzi ndi transcript, amate, adinde chidindo kapena kusayina pamphepete pomatirapo. Fomuyo ili ndi nambala ya akaunti yanu. Envulopu yofika yopanda fomu imachedwa kulumikizidwa ndi dzina lanu, makamaka ngati dzina la pa transcript likusiyana ndi la pa akaunti.

Nkhani ya mayina isapeputsidwe. Ambiri kwathu kuno ali ndi dzina lina pa satifiketi ya MSCE, lina pa digiri, pomwe pa pasipoti mayina anasinthana malo kapena linawonjezeredwa la pakati. Amayi ena anaphunzira ndi dzina la kwawo ndipo pasipoti ili ndi la kubanja. Tsegulani akaunti ndi dzina monga lilili pa pasipoti, chilembo ndi chilembo, chifukwa ndi limene adzayang'ane tsiku la mayeso, kenaka mayina ena onse muwalembe pamalo ofunsa mayina akale.

Mayina a sukulu nawo anasintha. Mu 2021 makoleji a University of Malawi anapatukana: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Bunda inali itachoka kale kukakhala mbali ya LUANAR. Munthu amene anamaliza ku Polytechnic mu 2016 ali ndi digiri yolembedwa University of Malawi, koma ofesi imene ili ndi mafayilo ake lero ili ndi dzina lina. Funsani msanga ofesi imene itulutse transcript yanu, ndipo pemphani kuti aikemo kakalata kofotokoza kusinthako, kuti wounika ku America asaone ngati ndi sukulu ziwiri zosiyana ndipo imodzi sinatumize kanthu.

Sukulu iliyonse ya pamwamba pa sekondale imene munalowako iyenera kutumiza yake, ngakhale munangokhalako teremu imodzi n'kusiya, ngakhale munalephera. Anthu amayesa kubisa chaka choipa cha kukoleji ina. Koma transcript ya sukulu yachiwiri ikangotchula maphunziro amene munabwera nawo kuchokera kwina, LSAC imaimitsa fayilo mpaka ya koyambako ifike. Ngati transcript sikusonyeza kuti digiri inaperekedwa ndiponso tsiku lake, pamafunika umboni wina wochokera kusukulu komweko. Amene anaphunzira ku Mozambique, mapepala a Chipwitikizi amapita limodzi ndi kumasulira kwake kwa Chingerezi, mzere ndi mzere, popanda kukometsa kapena kusintha magiredi kuti afanane ndi a ku America.

LSAC imati transcript ya ku America imatenga pafupifupi masabata awiri kuti ikonzedwe ikafika. Yakunja imatenga nthawi yoposa apo chifukwa imakaunikidwanso ndi bungwe la AACRAO, la akuluakulu osunga zolembera za ophunzira m'mayunivesite a ku America. Onjezanipo nthawi yoti ofesi ya kuno itulutse pepalalo, nthawi ya tchuthi cha Khirisimasi, ndi nthawi ya paulendo. Ife timati pemphani transcript mu Juni kapena Julayi, miyezi iwiri kapena itatu mafomu asanatsegulidwe. Lipirani kampani yonyamula makalata imene imapereka nambala yolondolera, ndipo envulopu yomatidwa ija ilowe yosatsegula m'chikwama cha kampaniyo, wotumiza alembedwe kuti ndi sukulu.

Zimene CAS imachita ndi magiredi anu zimadalira kumene munaphunzira. Kwa wophunzira ku America kapena Canada, LSAC imawerengera GPA (avareji ya magiredi onse) yakeyake, yomwe kawirikawiri imasiyana ndi ya pa transcript. A+ imawerengedwa 4.33, zomwe zimakomera amene sukulu zawo zimapereka A+ n'kupondereza amene sukulu zawo zimalekera pa A. Phunziro limene munalephera n'kubwereza limawerengedwa kawiri konse ngati giredi yoyamba ikuoneka pa transcript, ngakhale sukulu yanu inakukhululukirani. Magiredi a pambuyo pa digiri yoyamba, a masters kapena diploma, amatumizidwa kusukulu koma salowa m'chiwerengerocho. Ana a Amalawi amene akuphunzira ku America adziwe zimenezi asanasiye phunziro pakati, chifukwa kusiya kumene sukulu imakuona ngati kulephera kumalowa ngati ziro.

Kwa amene digiri yake ndi yakunja, nambala ya GPA situluka. AACRAO imanena ngati digiriyo ikufanana ndi digiri yoyamba ya ku America, kenaka imaika ntchito yanu yonse m'gulu limodzi mwa anayi: Superior, Above Average, Average kapena Below Average. Ntchito ya zaka zinayi imathera pamenepo. Izi zili ndi ubwino wake, chifukwa m'mayunivesite athu 70 pa 100 ndi malikisi apamwamba pomwe ku America amaoneka apakatikati, ndipo wounika wodziwa kachitidwe ka dziko lanu amakutetezani ku kusamvetsa kumeneko. Koma kuipa kwake n'kwakukulu. Sukulu zimapikisana pa GPA ndi LSAT yapakati ya ophunzira amene zatenga, manambala amene zimalengeza chaka ndi chaka. Inu mulibe GPA yoti muwakwezere, ndiye nambala yokhayo imene mukubwera nayo ndi ya LSAT. Mayesowa kwa inu amalemera kuposa mmene amalemerera kwa mnzanu wa ku Ohio.

LSAT mmene ilili tsopano

Kuyambira mu Ogasiti 2024, gawo la Logic Games, la mafunso osanja zinthu motsatira malamulo opatsidwa, linachotsedwa. Mabuku akale amene amagulitsidwa motchipa kapena kugawidwa pa WhatsApp akadali ndi gawoli, ndipo munthu akhoza kutayirapo miyezi iwiri pachabe. Panopa mayeso ali ndi magawo anayi a mphindi 35 lililonse, ndi kupuma kwa mphindi 10 pakati. Awiri ndi a Logical Reasoning (kuunika mfundo za mtsutso), limodzi ndi la Reading Comprehension (kumvetsa zowerenga), ndipo lachinayi ndi loyesera mafunso atsopano, losawerengedwa, koma sakuuzani kuti ndi liti. Malikisi amayambira 120 kulekeza 180. Wapakati amapeza cha m'ma 150, ndipo opitirira 170 ndi ochepa kwambiri pa anthu 100 alionse. Kuyankha molakwa sikuchotsetsa malikisi, kotero musasiye funso lopanda yankho.

Palinso gawo lolemba nkhani, la Argumentative Writing, lomwe mumalemba padera pa kompyuta yanu: mphindi 15 zokonzekera ndi 35 zolemba. Silipatsidwa malikisi, koma sukulu zimaliwerenga, ndipo kwa munthu wochokera kunja amaliyerekeza ndi Chingerezi cha m'nkhani zake zina. Vuto lodziwika n'lakuti zotsatira za LSAT yanu yoyamba sizituluka mpaka gawoli litalembedwa ndi kuvomerezedwa. Ena amadikira zotsatira mwezi wathunthu osadziwa kuti akudzichedwetsa okha.

Mutha kulemba kasanu m'zaka zisanu zimene zotsatira zimagwira ntchito, ndipo kasanu ndi kawiri pa moyo wanu wonse. Sukulu zimaona maulendo onse, koma kuyambira 2006 zimalengeza malikisi apamwamba a wophunzira, choncho ambiri amayang'ana apamwambawo. LSAC imagulitsanso Score Preview, yokulolani kuona malikisi kaye n'kusankha kuwafufuta m'masiku asanu ndi limodzi. Kwa anthu ambiri imeneyi ndi ndalama yotaya, popeza malikisi otsika savulaza kwenikweni ngati pali ena apamwamba, ndipo ulendo wofufutidwawo umawerengedwabe pa maulendo anu.

Zokonzekera zili pa LawHub, tsamba la LSAC lomwe. Mayeso akale ochepa ndi aulere, ndipo ambiri amatsegulidwa mukalipira LawHub Advantage ya chaka chimodzi. Pa zonse zimene bungweli limagulitsa, iyi ndiyo yoyenera ndalama yake, chifukwa mumayeserera pa mawonekedwe enieni amene mudzakumane nawo tsiku la mayeso. Maphunziro aulere amene anali pa Khan Academy anasamukira komweko mu 2024.

Kuyambira 2023 mayeso amayang'aniridwa ndi kampani ya Prometric. Masiku olembera anthu a kunja kwa America ndi Canada ndi ochepa poyerekeza ndi a kumeneko, ndipo malamulo a kulembera kunyumba akhala akukhwima chifukwa cha kubera. Musanalipire, onani kuti tsiku limene mwasankha ndi la mayiko akunja, ndiponso ngati mudzalembera kunyumba kapena kumalo a mayeso, chifukwa malowo akhoza kukhala m'dziko lina ndipo ulendo wake ndi ndalama inanso. Kumene kulembera kunyumba kukuloledwa, pamafunika laputopu ya Windows kapena Mac yokhala ndi kamera, chipinda cha nokha chotseka, ndi intaneti yosadukaduka kwa maola atatu. Magetsi akazima pakati pa gawo, rauta imazima nawo. Khalani ndi batire la rauta ndi foni ya bandulo yokwanira pafupi, ndipo yesani zonse pa ola lomwelo tsiku lina mayeso asanafike.

Sukulu zambiri tsopano zimalandiranso GRE, mayeso ena olowera maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba, m'malo mwa LSAT. University of Arizona inayamba mu 2016, Harvard inatsatira mu 2017, ndipo American Bar Association inavomereza mu 2021. Koma ngati muli ndi LSAT m'kaundula, sukulu idzaiona basi, ndipo CAS mudzalipirabe chifukwa cha transcript ndi makalata.

Makalata ndi mafomu

Gawo la makalata limayenda bwino ndipo sitilidandaula kwambiri. Mumalemba dzina ndi imelo ya wokuchitirani umboni, iye amalandira uthenga wochokera ku LSAC, n'kulowetsa kalata yake yekha. Sukulu zambiri zimafuna awiri kapena atatu, ndipo zimakonda a aphunzitsi amene anakuphunzitsani ndi kuwerenga zolemba zanu. Kalata ya nduna, phungu kapena abusa amene sanaonepo ntchito yanu ilibe mphamvu, ngakhale dzina likhale lalikulu. Mukafunsidwa ngati mukusiya ufulu wowerenga kalatayo, vomerani, chifukwa kalata imene mwiniwake angathe kuiwerenga saikhulupirira kwenikweni.

Zolakwika zake ndi ziwiri. Choyamba, uthenga wa LSAC umagwera mu spam, mphunzitsi n'kumadikira inu, inunso n'kumadikira iye. Muimbireni foni tsiku lomwe mwatumiza. Chachiwiri, kalata ikafika siipita yokha kusukulu. Muyenera kulowa m'akaunti n'kuigawira sukulu iliyonse payokha. Munthu amaona makalata atatu alembedwa kuti afika, mtima n'kukhala pansi, pomwe palibe sukulu imene yalandira. Samalaninso ndi kalata yolembedwera sukulu imodzi yotchula dzina lake, kuti isapite kwina.

Mafomu a sukulu zonse ali m'akaunti yomweyo, ndipo mayankho ofanana monga adiresi ndi mbiri ya maphunziro amadzikopera okha kuchoka pa fomu ina kupita pa ina. Zimapulumutsa nthawi, komanso zimafalitsa cholakwika chimodzi kusukulu zonse. Fomu ikatumizidwa siibwezedwa. Musanadine, tsegulani chithunzi cha PDF cha fomu yonse n'kuwerenga tsamba lililonse, makamaka nkhani yofotokoza za inu, yomwe m'sukulu zambiri imakhala masamba awiri otalikitsa mizere. Chaka chilichonse pamapezeka anthu otumiza kusukulu ya Michigan nkhani yonena kuti akulakalaka sukulu ya Duke. Sukulu iliyonse ili ndi zofuna zake zapadera, monga Yale yomwe imafuna kankhani ka mawu 250, ndipo mafunso ambiri analembedwanso pambuyo pa chigamulo cha khothi lalikulu la America cha mu Juni 2023 choletsa kusankha ophunzira potengera mtundu. Zitsanzo zakale za pa intaneti mwina zikuyankha funso limene kulibenso.

Mafunso okhudza khalidwe ayankheni moona. Amafunsa ngati munaimitsidwapo sukulu, kupatsidwa chilango kapena kuimbidwa mlandu, ndipo sukulu iliyonse imafunsa mwa njira yake: ina imafuna milandu yokha imene munapezeka wolakwa, ina ngakhale kumangidwa chabe. Amene anaimitsidwa pa nthawi ya zionetsero za ophunzira anene, n'kufotokoza m'ndime imodzi yachidule, yopanda kudzilungamitsa. Fomu imeneyi idzaonedwanso ndi oyang'anira mayeso a uloya patapita zaka zitatu, ndipo kubisa kumalangidwa koposa cholakwa chimene chinabisidwacho. LSAC nayo ili ndi komiti yofufuza zachinyengo, ndipo chigamulo chake chimalembedwa pa lipoti lanu lopita kusukulu zonse.

Mafomu ambiri amatsegulidwa mu Seputembala, ndipo masiku otsekera amayambira Febuluwale kupita m'tsogolo. Musanyengedwe ndi tsiku lotsekera. Sukulu zambiri zimasankha mafomu akamafika, malo ndi ndalama za sikolashipu n'kumatha pang'onopang'ono. Fayilo yokwana pofika kumapeto kwa Novembala ili pabwino kuposa yofanana nayo ya mu Febuluwale. Ndipo kukwana kumatanthauza kuti lipoti la CAS lafika kusukulu, osati kuti mwadina batani la fomu. Nthawi yotsekera kawirikawiri imakhala ya kum'mawa kwa America, yomwe mu Febuluwale imatsalira maola asanu ndi awiri poyerekeza ndi ya Malawi ndi Zambia, koma sukulu za ku California zikhoza kutsatira nthawi yawo.

Posankha sukulu zoti muwonongerepo $45, musadalire mndandanda wa kutchuka wokha. Sukulu iliyonse yovomerezeka imakakamizidwa kufalitsa lipoti la Standard 509 chaka chilichonse mu Disembala. Mmenemo muli malikisi a LSAT a ophunzira amene anatengedwa n'kuyamba maphunziro, apakati, a m'munsi ndi a m'mwamba, fizi, chiwerengero cha olandira sikolashipu, ndi chiwerengero cha amene analandidwa sikolashipu chifukwa magiredi anatsika. Wochokera kunja sapeza ngongole za boma la America, ndiye sukulu imene malikisi anu ali pamwamba pa apakati ake ndiyo ingakupatseni ndalama. Early Decision, yomwe m'sukulu zambiri imakumangani kuti mupite mukatengedwa, imakulandani mwayi woyerekeza zimene sukulu zosiyana zakulonjezani.

Kwa maloya ofuna LLM

LLM CAS imalipiridwa m'zigawo: kusonkhanitsa mapepala, kuunika transcript yakunja, ndi lipoti la sukulu iliyonse. LSAT siifunika. Lamulo la envulopu yomata ndi lomwe lija. Si sukulu zonse zimene zimaifuna, zina zili ndi fomu pa webusaiti yawo, choncho onani kaye musanalipire. Masiku otsekera amafulumira, m'sukulu zotchuka ndi mu Disembala, kutanthauza kuti transcript iyenera kunyamuka pofika Seputembala. Sukulu zina zimakhululukira mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS munthu amene digiri yake yonse anaphunzira m'Chingerezi, zina ayi, ndipo kukhululukako mumapempha kusukulu, osati ku LSAC. Zotsatira za TOEFL zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri.

Lipoti la LSAC silikupatsani chilolezo cholemba mayeso a uloya. Wofuna mayeso a ku New York amatumizanso mapepala ake padera ku New York State Board of Law Examiners kuti aunikidwe, ndipo LLM yowerengedwa kumeneko iyenera kukhala ya makirediti osachepera 24, yophunzira m'kalasi, yokhala ndi maphunziro ena okakamiza. Poti mukupita kale ku ofesi ya registrar, pemphani maenvulopu awiri nthawi imodzi. Wobwerera kumudzi ndi JD adziwenso kuti digiri yakunja payokha siimulowetsa m'khothi la ku Malawi. Pali njira ya Council of Legal Education ndi Malawi Institute of Legal Education yoti aitsate.

Chomaliza si cha LSAC koma chikhoza kuwononga ndalama zonse zimene tatchulazi. Sukulu ikakutengani mumalipira ndalama yosungitsa malo, kawirikawiri mu Epulo kapena Meyi, kenaka mumasonyeza umboni wa ndalama za chaka chonse kuti akupatseni fomu ya I-20 yofunsira viza, mumalipira $350 ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, ndi $185 ya viza ya ophunzira ya F-1. Mu Disembala 2025 boma la America linaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zaletsedwa mitundu ina ya viza, kuphatikizapo ya ophunzira, kuyambira 1 Januwale 2026. LSAC siibweza ndalama chifukwa cha viza, ndipo tsamba lake lidzalandira khadi lanu osakufunsani pasipoti imene muli nayo. Musanalipire dola yoyamba, funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare mmene lamuloli lilili pa nthawiyo, ndipo funsani sukulu imene mukuifuna, mwa kalata, ngati ingakusungireni malo ndi sikolashipu mpaka chaka chotsatira viza itakanika.